Sukulu ya pakhonde, nthambi ya Wovwe

Pa 23 Malichi 2020 boma linandikweza pantchito osandifunsa. Tsiku limenelo sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ine, mlimi wa mpunga wa ku Wovwe amene maphunziro ake anathera panjira mu Folomu 2, ndinadzuka ndili hedimasitala. Ndinalinso wachiwiri wake, mphunzitsi wa makalasi atatu, wophika phala, ndi komiti yonse ya makolo. Za malipiro zokha ndizo anaiwala kulengeza.

Mu komitimo ndinali ndekha pa chifukwa. Mayi a ana anga anapita ku Kyela kukaoda zitenje chaka china chake, ndipo zikuoneka kuti mpaka lero akusankhabe mtundu. Ndinatsala ndi atatu: mtsikana wa Sitandade 7, mnyamata wa Sitandade 4, ndi chitsirizira amene anali atangoyamba kumene kuloweza a, e, i, o, u. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Sankadziwa kuti mutu womwewo adzausenzetsanso masamu ogawa.

Tinayamba ndi moto. Belu linali khasu lakutha limene ndinalikoleka mumtengo wa mango. Bolodi linali chitseko. Choko chinali chinangwa chouma chimene ndinasungira kondowole. Chimalemba bwino zedi, vuto lake n'lakuti chimadyeka. Sabata isanathe, chitsirizira anali atatafuna zipangizo zophunzitsira za teremu yonse.

Tsono mpunga wa Kilombero sudziwa kuti kunja kuli mliri. Ukangobereka, mbalame zimafika m'bandakucha osaitanidwa, ndipo munthu wolera ana yekha sangakhale pakhonde ndi kusikimu ya mpunga nthawi imodzi. Ndinangosamutsa sukulu. Phunziro loyamba linali kukuwa mbalame ndi kumenya zitini, limene pa ndandanda ndinalilemba kuti Expressive Arts. Kutunga madzi kunali Life Skills. Agriculture tinkaphunzira m'mawa, masana ndi madzulo, moti akanabwera a MANEB ndi mayeso a phunziro limenelo tikanawachititsa manyazi. Chingerezi chinkadikira kuti mphunzitsi abwere kuchokera ku kabaza, kumene ankapalasa njinga mumsewu wa M1 pakati pa Nyungwe ndi Uliwa kusaka ya mchere ndi usipa. Akafika ankakhala pampando, kutsegula buku, kenaka kuwodzera. Ophunzira anga anali aulemu kwambiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandidzutsapo.

Anzathu a m'tauni tinkawamva akukamba za maphunziro a pa intaneti. Kafoni kanga ka mabatani intaneti yake ndi tochi. Ife a kumudzi anatiganizira ndi maphunziro a pa wailesi ya MBC, ndipo ndinasangalala kuti ndapeza wondithandiza. Mphunzitsi wa pa wailesi ndi munthu wa mtima wabwino kuposa aliyense amene ndinakumanapo naye. Amafunsa funso, n'kukhala chete pang'ono, kenaka n'kuyamikira kuti mwakhoza. Kwathu kuno mwana amalota m'Chitumbuka, buku lake lili m'Chichewa, mayeso akumudikira m'Chingerezi, choncho chitsirizira ankayankha funso lililonse kuti "yayi", ndipo ankakhoza. Tsiku lina pa nthawi yoyankhayo mbuzi ya oyandikana nawo inalira. Nayonso inakhoza.

Wailesi imadya mabatire, ndipo chaka chimenecho mabatire anali ndi ntchito ziwiri, pakuti chisankho chobwereza cha pulezidenti cha pa 23 Juni chinali pafupi. Hedimasitala anayenera kutsatira nkhani za dziko. Mnyamata wanga, atamva pa wailesipo chinamtindi cha anthu chikukuwa pamsonkhano wa kampeni, anandifunsa kuti, "Adada, kachilomboka kamangokonda m'kalasi mokha? Kumsonkhano sikapitako?" Ndinamuuza kuti m'sukulu muno munthu amayamba wakweza dzanja. Anakweza. Ndinakaimba belu.

Sayansi ndinaikonzekera bwino chifukwa ili pakhomo. Ndinawafotokozera kuti mtsinje wa Wovwe umatsika kuchokera kumapiri a Nyika, kuti madzi ake amazungulitsa makina pasiteshoni ya magetsi imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1990, yotulutsa mamegawati opitirira pang'ono 4, ndipo akamaliza ntchito imeneyo amatsetsereka kudzathirira mpunga wathu m'ngalande za sikimu. Ndinaonjeza kuti madzi amenewa ndi chitsanzo chabwino, amagwira maganyu awiri osadandaula. Mtsikana anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa chifukwa chimene ife, eni mtsinje, timawerengera pa tochi ya foni. Ndinati mutu umenewo ndi wa Folomu 3. Pa mbiri yakale ndinawauza za Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma lathu lino ndipo chimaonetsedwa kumyuziyamu ya ku Karonga. Mnyamata anafuna kudziwa ngati ndinachionapo chikuyenda.

Amene ananditha ndi masamu. Ine ndinkangopereka mafunso, mayankho ankachonga mtsikana yemweyo, chifukwa mphunzitsi wabwino amapatsa ophunzira mpata. Titakolola, mavenda anafika ndi ndowa zawo monga mwa chaka chilichonse. Mwana uja anatenga chigubu cha malita 5, n'kuyamba kuthira madzi m'ndowa ya venda imene mwiniwake ankalumbira kuti ndi ya malita 20. Zigubu zinayi zinalowa, ndowa ikadali ndi ludzu. Chachisanu chinalowanso. Vendayo anakweza ndowa yake panjinga osatsanzika, ine ndikuyenda chonyang'wa pabwalo kuuza aliyense kuti ameneyu ndi wa sukulu yanga.

Madzulo ake anatembenukira kwa ine. Anatenga kope limene ndimalembamo za pakhomo, n'kuwerengetsa katapila amene ndinatenga mwezi wa njala kuti ndidzabweze ndi thumba la mpunga. Anandionetsa pachitseko paja, ndi chinangwa changa chomwe, kuti thumba limodzi ndinaligulitsa pa mtengo wa theka. Kenaka chala chake chinaima pa mzere wina. "Adada, uyu mwamulemba kuti 'zina ndi zina' ndani? Akudyatu kuposa ife atatu." Zina ndi zina amakhala pafupi ndi pamene timasewerera bawo, ndipo amagulitsidwa m'mabotolo. Ndinalengeza holide ya mwadzidzidzi.

Chiyambire 1994, pamene pulayimale inakhala yaulere, ine ndinali mmodzi wa aja onena pabawo kuti aphunzitsi amadya za ulele, amaweruka dzuwa lili pamutu. Pali makalasi m'dziko muno mmene mphunzitsi mmodzi amayang'anizana ndi ana opitirira 100, ena pansi pa mtengo. Anga anali atatu, obereka ndekha, odziwa kuti nsima ya madzulo ili m'manja mwanga, koma anandionetsa zakuda. Masiku ano nkhani ya aphunzitsi ikabuka pabawo, ndimangoyang'ana njombwa zanga.

A Sitandade 8 ndi Folomu 4 anabwerera kusukulu pa 7 Sepitembala. Anga anadikira mpaka pa 12 Okutobala, ndipo mayunifolomu ndinawasita ndekha usiku, ndikuimba nyimbo. Mu Januwale 2021, tili pakalikiliki wowokera mpunga, wailesi inalengeza kuti sukulu zatsekedwanso. Komiti ya makolo inakumana mwachangu, ndipo mosatsutsana inavomereza kuti hedimasitala apume pantchito. Udindo unapita kwa mtsikana. Ine anandipatsa wa ulonda ndi kuphika phala, kenaka anandiuza kuti madzulo ndizikhala nawo m'kalasi ya Sitandade 4, pambuyo, chifukwa ndimatchinga anzanga.