Pampu yazima, nanga tikuopanji?

Ndangotha masabata atatu ndikuphunzira ntchito kwa amalume anga ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, komwe amapenta mageti, mathanki a madzi ndi mabodi a malole. Kumudzi kwathu penti timapaka ndi burashi. Kuno ndapeza pampu yoyendera mpweya. Kompuresa imatumiza mpweya, mpweyawo umakankha pisitoni, pisitoniyo imayamwa penti m'ndowa n'kuikankhira m'payipi mpaka kumfuti yopopera, imene amisiri amangoti gani. Zambiri za makinawa zimandizunguza, choncho ndimafunsa, poti safunsa anadya phula.

Ndinayamba ndi manambala olembedwa pa pampupo, 30:1. Amalume anati mphamvu ya mpweya wolowa imachulukitsidwa ka 30. Geji ya mpweya ikaloza pa 6 bar, penti m'payipimo ili pa 180 bar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa kungopitirira pang'ono 2 bar, ndipo likaphulika aliyense amathawa. Nanga n'chifukwa chiyani anyamata ena amakoka payipi ya 180 bar ngati chingwe cha mbuzi, n'kumaipinda ndi kuiponda?

Tsiku lina kamlomo ka gani kanatsekeka, ine n'kutambasula chala kuti ndikapukute. Amalume anandigwira mkono mwamphamvu.

"Amalume, kodi penti si madzi? Madzi angaboole bwanji khungu la munthu?"

"Mphwanga, khungu limatha kubooka ndi 7 bar yokha. Apa tili pa zingati?"

Anandifotokozera kuti bala lake limaoneka ngati munga wakulasa, mwina osatuluka ndi magazi omwe. Koma penti ndi thinazi zimakhala zalowa mkati, zikuyenda motsata mitsempha kulowera m'chikhatho, zikupha mnofu. Magolovesi saletsa. Chimavulala kawirikawiri ndi chala chamkombaphala cha dzanja limene silinagwire gani, chifukwa ndicho timapukutira kapena kutsekera pamene payipi ikudontha. Ndinafunsa ngati munthu sangangofinya n'kumanga kansalu. Anakana. Kufinya kumangokankhira pentiyo patali. Wovulalayo athamangire naye kuchipatala cha Kamuzu Central nthawi yomweyo, atenge chitini cha pentiyo, akauze adokotala kuti penti yalowa ndi mphamvu ya pampu, chifukwa pamafunika opaleshoni m'maola ochepa. Akagona nalo balalo, chala chimatha kudulidwa. Ndiye ndimadzifunsa: kabala kakang'ono chonchi, mnyamata amene sanauzidwepo angadziwe bwanji kuti n'kofunika chipatala?

Koma chimene chinandizunguza koposa n'chakuti amalume amaopa pampu ikakhala chete kusiyana ndi pamene ikulira. Madzulo ndinatseka mpweya, pampu inaleka kugunda, ndipo ndinatenga sipanala kuti ndimasule payipi.

"Siya!"

"Koma Amalume, si ndazimitsa?"

"Wazimitsa phokoso. Mphamvu yapita kuti?"

Ndinasowa yankho. Iwo analozetsa gani m'ndowa n'kukoka chowombera, penti inatuluka ndi ukali wonse ngati pampu ikuyenda. Mavalavu a mkati mwake amalola penti kupita kutsogolo kokha, ndiye yonse imene yapanikizika m'payipi imakhala momwemo, kudikira womasula. Anandiphunzitsa ndondomeko yake. Umayamba wakhoma loko ya chowombera. Umatseka valavu ya mpweya, ija imatulutsanso mpweya wotsalira. Umamasula loko, umagunditsa chitsulo cha gani kukhoma la ndowa yachitsulo, n'kuwombera mpaka pasatulukenso kanthu. Umakhomanso loko, n'kutsegula pang'onopang'ono valavu yokhetsera penti. Ukatero m'pamene ungakhudze kamlomo, sefa kapena payipi. Zonsezi sizitha ndi mphindi ziwiri zomwe. Nanga amene amazidumpha amathamangira kuti?

Ndinafunsanso za waya wochokera pa pampu kupita kuchitsulo chokhomedwa pansi. Makina osalumikizidwa kumagetsi a ESCOM akufuniranji waya wa earth? Amalume anati penti ikamathamanga m'payipi imapanga timagetsi, tofanana ndi tija timathetheka ukamavula juzi usiku nyengo yozizira. Kuthetheka kumodzi pakati pa nthunzi ya thinazi n'kokwana kuyatsa moto. N'chifukwa chake potsuka pampu timachotsa kamlomo, timatsitsa mphamvu ya mpweya, ndipo timawombera m'ndowa yachitsulo yokhala pansi penipeni, osati ya pulasitiki. Wowotcherera zitsulo ndi wosuta fodya amakhala kutali.

Pali mwambo wina umene ndaupeza kwa opopera ambiri. Akaweruka amagula mkaka, akuti umatsuka m'chifuwa. Kodi mkaka sumapita m'mimba? Nanga ukafika bwanji kumapapo kumene kwalowa penti? Amalume anati sufikako. Anatinso kamasiki kapepala kamangotchinga fumbi, nthunzi ya thinazi imadutsa. Pamafunika masiki yokhala ndi masefa a makala. Penti ya 2K ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa mankhwala ake oumitsira ali ndi isocyanate, imene imayambitsa mphumu, ndipo woipopera amayenera masiki yomubweretsera mpweya wabwino kuchokera kwina. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare la 1997 limati wolemba ntchito ateteze antchito ake ndi kuwapatsa zodzitetezera. Ndiye bwanji ndimaona anyamata atangomanga malaya pamphuno?

Za kasamalidwe ndikuzigwira pang'onopang'ono. Ndinadabwa kuona madzi ofiira akutuluka pansi pa thanki ya kompuresa pamene palibe anathiramo madzi. Akuti ndi chinyontho cha mumpweya, ndipo chikapanda kukhetsedwa tsiku lililonse thankiyo imadyeka ndi dzimbiri kuchokera mkati mpaka kudzaphulika. M'kakapu ka pakhosi pa pampu timathiramo mafuta ake kuti penti isaumire pa pisitoni. Poweruka timaimitsa pisitoniyo ili pansi, chifukwa penti ikaumira pa pisitoniyo imang'amba zotchingira za mkati. Pampu ikayamba kugunda mothamanga ndiye kuti m'ndowa mwatha, ndipo timatseka mpweya msanga isanadziwononge. Payipi yotupa kapena yong'aluka sitimata ndi mphira, timasintha.

Mayankho onsewa ndawapeza chifukwa amalume satopa ndi mafunso anga. Koma anyamata ambiri amapatsidwa gani tsiku loyamba, n'kungouzidwa kuti ayang'ane mmene ena akuchitira. Mphamvu yotsalira m'payipi sioneka ndi maso, ndipo tsoka silinunkha. Inu amisiri athu, musanamupatse mwana gani, muonetseni mmene amachotsera mphamvu, ndipo mumuuze kopita akalasidwa ndi penti. Ndipo iwe mnzanga wophunzira ntchito, funsa usanagwire sipanala. Pampu ikakhala chete, penti m'payipi ikadali pa 180 bar.