Mapanga awiri pa tikiti imodzi

Msuweni wanga wina, namwino ku Britain, wasunga ndalama zake mpaka zakwanira kukwera sitima yapamadzi ya alendo yozungulira nyanja ya Mediterranean. Sitimayo idzaima tsiku limodzi pa doko la Livorno ku Italy, kufika m'mawa, kunyamuka madzulo. Ndiye watisowetsa tulo pagulu la banja la pa WhatsApp: apite ku Pisa kapena ku Lucca? Azakhali sanachedwe: "Mwanangu, mapanga awiri avumbwitsa." Iye anangotumiza chithunzi cha kapepala kotsatsa malonda: Pisa ndi Lucca, tsiku limodzi, basi imodzi, tikiti imodzi. Azakhali mpaka lero sanayankhe.

Zoona, amene anapeka mwambiwu sanaganizireko zoti kudzabwera anthu ogulitsa mapanga onse awiri pamodzi, ndi basi yokutengera kuchoka ku lina kupita ku linzake. Mizindayi yatalikirana makilomita pafupifupi 20 okha. Mvula yake ikupeza pati?

Tiyeni tiitsatire basiyo. Ku Pisa aliyense amapitira nsanja yopendekeka ija. Anayamba kuimanga mu 1173, ndipo isanafike n'pakati pomwe inayamba kupendekeka chifukwa dothi la pansi pake ndi lofewa. Anaimaliza patatha zaka pafupifupi 200, ili chipendekekere. Mu 1990 anaitseka poopa kuti igwa, akatswiri n'kumachotsa dothi pang'onopang'ono kunsi kwa mbali yokwera mpaka inaweramukako, ndipo anaitsegulanso mu 2001. Anasamala kwambiri kuti asaiwongole yonse. Ndani angalipire ndalama kukaona nsanja yoongoka? Mmisiri wina aliyense akamanga khoma lokhota amabweza ndalama. Awa a ku Pisa adzukulu awo akudyerabe pomwepo.

Tsono basi siifika pansanjapo. Imaima chapatali, muyende wapansi, mudutse ogulitsa tinsanja tapulasitiki, kenako wotsogolera akweze ambulera yake n'kunena nthawi yokumananso. Kukwera pamwamba kumafuna tikiti ya ola lakelake, ndipo ola limenelo silifunsa kuti basi yanu inyamuka liti. Chotsala n'chiyani? Kuima pamzere wa anthu otambasula manja m'malere, aliyense akunamizira kuchirikiza nsanja kuti mnzake amujambule. Mlendo wa ku Japan akukankhira kuno, wa ku Brazil akukankhira uko, wina wakweza mwendo, mkazi wake akukalipa kuti dzanja litsike pang'ono. Nsanja ya mamita 56 yapirira zivomezi zingapo, ipiriranso msuweni wanga.

Ku Lucca mumafika dzuwa litapendeka nalonso, miyendo italema, njala itayamba. Pamenepa m'pamene ndimaleka kuseka, chifukwa Lucca si mzinda woti n'kuuthamangira. Wazunguliridwa ndi linga la makilomita 4, lotakata moti pamwamba pake pali mitengo ndi msewu umene anthu amayendamo ndi kupalasamo njinga. Mkatimo muli nyumba imene munabadwira Giacomo Puccini mu 1858, bwalo lozungulira ngati dzira lomangidwa potsata maziko a bwalo lamasewera la Aroma, ndi nsanja ya Guinigi imene pamutu pake pamera mitengo. Zonsezi zimakoma ukakhala pansi, khofi ali m'manja, wotchi ili m'thumba. Wa tikiti ya mapanga awiri amangoona linga, n'kufunsa kumene kuli chimbudzi, nthawi yatha.

Ndipo ngati tikukamba za kuvumbwa, Lucca ndiye phanga lenileni. Linga lija analimanga poopa adani, koma palibe gulu lankhondo limene linadzaliyesa. Amene anabwera ndi madzi. Mu 1812 mtsinje wa Serchio unasefukira, anthu anatseka zipata zonse n'kumata mipata, mzinda n'kupulumuka. Elisa, mlongo wake wa Napoleon, amene ankalamulira kumeneko, madziwo anamupeza ali kunja, ndipo anachita kumukweza pamwamba pa linga kuti alowe. Ngakhale wachifumu, akachedwa chitseko sichimudziwa.

Sitima nayo ndi chimodzimodzi. Ukapita ndi basi ya kampani ya sitimayo n'kuchedwa, amakudikira. Ukadzidalira wekha, kukwera sitima yapamtunda kuchokera ku Livorno, kusintha ku Pisa, kuti usunge ndalama n'kuona zonse, ukachedwa umapeza akumasula zingwe. Pa YouTube pali mavidiyo ambirimbiri a anthu akuthamanga padoko, zikwama zili bakubaku, anzawo ali pamwamba pa sitima akuwaombera m'manja.

Ine ndamuuza msuweni kuti apite ku Lucca, abwereke njinga, azungulire linga kawiri, adye mosathamanga. Wandiyankha kuti ine sindinatulukepo m'dziko muno, ndisamuphunzitse za Italy, komanso kuti akabwerako popanda chithunzi chochirikiza nsanja, kumudzi palibe adzakhulupirire kuti anapitadi. Tikiti ya mizinda iwiri ija wagula kale, ndipo akuti ndimuthandize kusankha dzanja loti adzakankhire.