Agogo asuta homuweki

Pa intaneti pali masewera a ana a pulayimale ochuluka ngati mchenga: zithunzi zopaka utoto, makadi a malembo, samu zolumikiza ndi mizere. Pansi pake amalemba kuti n'zaulere, ingosindikizani. Amene amalemba zimenezo sanakwerepo kabaza kuchoka ku Kasinje kukafuna fotokope pa boma la Ntcheu n'kukapeza magetsi athima. Chiyambireni 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni, pepala m'kalasi ndi chinthu chochita kulimbirana.

Madamu ena a Sitandade 2 anadzimana, nasindikiza mapepala 10 a ana oposa 100. Papepalapo panali chidole chija azungu amaumba ndi chipale chofewa nyengo yozizira, choyera mbuu, chipewa kumutu, karoti pamphuno.

"Ana inu, uyu ndani?"

Kalasi yonse ziii. Kenaka kamnyamata kumbuyo kanakweza dzanja.

"Madamu, amenewo ndi abambo a kuchigayo."

"Wadziwa bwanji?"

"Ufa thupi lonse. Koma amene wawabaya karotiyo ndi wa ku Lizulu, kwathu kuno sitilima."

*

Tsiku lina madamu omwewo anapatsa mwana wochenjera pepala la samu kuti akachitire kunyumba. M'mawa anabwera chimanjamanja.

"Pepala lija lili kuti?"

"Agogo asuta."

"Asuta?"

"Anati ndi lofewa bwino, chingambwe chikuyaka mosavuta kusiyana ndi m'nyuzi."

"Lonse?"

"Ayi madamu, samu ziwiri zatsala. Akuti asuta madzulo akadya. Komanso akuti ndikuthokozeni, ndipo Lachisanu mundipatse la Chingerezi alaweko."

*

Akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi anaona kale kuti kudikira pepala n'kudikira madzi a mphutsi. N'chifukwa chake amalimbikitsa TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo: timitengo, miyala, mapesi, dongo, makatoni, zitsekerero za mabotolo. Nzeru yabwino zedi, ine ndimaivulira chipewa. Vuto n'lakuti zinthu zopezeka pamalopo zimabwera ndi mbiri ya kunyumba.

Aphunzitsi ena cha ku Nsipe anauza ana kuti aliyense abweretse zitsekerero 10 zowerengera. Ambiri anabweretsa zitatu, zinayi, zadzimbiri, zotola kumsika. Mtsikana wina anafika atasenza jumbo yodzaza, ikulira ngwerengwere. Aphunzitsi potsegula anapeza zonse n'zamowa, zatsopano, zina zikununkhabe.

"Iwe, zonsezi wazitenga kuti?"

"Ndi za abambo, sala. Akuti iwo ndi Mngoni, nkhani ya sukulu saibwerera m'mbuyo. Ngati sizikukwana mungonena, alimbikira sabata ino."

Akuti pamsonkhano wa makolo bamboyo anakhala kutsogolo, mwendo pamwamba pa unzake, kudikira kuti atchulidwe pagulu la othandiza chitukuko.

*

Ku Tsangano mwana amadziwa mtengo wa ndowa ya kachewere asanadziwe kulemba dzina lake. Aphunzitsi kumeneko anakonza sewero la msika m'kalasi: mbatata zenizeni, ndalama zodula pakatoni. Anaika zisanu uku, zisanu uko.

"Ukagula zonsezi, uli ndi zingati?"

"11, sala."

"Werenga bwino."

"11. Munthu wogula milu iwiri osamuikira banyira, mawa abweranso?"

Aphunzitsi anapukusa mutu, nayesa kuchotsera. "Chabwino. Ndili ndi 10, ndachotsapo zitatu. Zatsala zingati?"

"Mwalipira?"

"Ndi chitsanzo chabe, mwana iwe."

"Amayi anati za chitsanzo ayi. Anthu a pa boma anatimaliza nazo zitsanzo."

Belu polira mbatata zinali zitatsala zinayi, ndipo fungo la zootcha linkachokera kuseri kwa ofesi ya a hedi.

*

Amene anayendapo pa Lizulu kapena pa Biriwiri akudziwa kuti msewu wa M1 umayenda m'malire enieni: mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique. Ana anapatsidwa mapu oti apake dziko lililonse utoto wake. Mmodzi anapaka Malawi yense wobiriwira, n'kupitiriza mpaka mkati mwa Angonia.

"Bwanji wadutsa malire?"

"Dimba lathu lili kumeneko, madamu. Ndikalisiya kunja abambo andikalipira."

Mnzake ndiye anachedwa, nafika phala litatha. Atafunsidwa, anati anali kunja kwa dziko. Nkhuku inawoloka msewu.

*

Koma yoposa zonse inachitika pasukulu ina m'chigwa cha Bwanje, pamene kalasi ya Sitandade 1 imaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Madamu anamva kuti kukubwera a PEA, mlangizi wa sukulu za m'zoni, ndiye anagona mochedwa akudula katoni ya sopo. Analemba a, e, i, o, u ndi makala, malembo akuluakulu, nawamata ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kuwapachika pachingwe cha khonje. Anaiwala kuti phala la chinangwa lili ndi okonda ake.

A PEA anafika panjinga yamoto, fumbi kobo, nakhala pampando ndi kope lawo. Madamu analoza chingwe ndi ndodo, osayang'ana n'komwe.

"Tiyeni ana, tonse pamodzi!"

"A! I! O! U!"

A PEA anatsitsa magalasi. "Kodi ana inu, e ali kuti?"

Palibe anayankha. Madamu thukuta kamukamu. Pomwepo mbuzi imene inali kuseri kwa mtengo, kachidutswa ka katoni kakulendewera pakamwa, inakweza mutu: "Meeee!"

Kamtsikana ka kutsogolo kanaimirira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Ali m'menemo, bwana. Koma mwamva, mbuziyo yayamba kale kuphatikiza ndi m."