Ulemu Upite kwa Kachikopa ka pa Giya

Anthu akayamba kutamanda galimoto, mayina amene amamveka ndi omwewo chaka ndi chaka: injini, matayala, mabuleki, ndipo akakhala anyamata a masiku ano, marimu ndi masipika. Palibe amene anaimirirapo pagulu n'kunenako zabwino za kachikopa kamene kamakuta tsinde la ndodo ya giya, kaja kamene m'galimoto zambiri za m'misewu yathu kanang'ambika kalekale ndipo kakungoti lende, mwini wake osakaona ngakhale dzanja lake limatera pomwepo tsiku lililonse. Kukondera kumeneku kwakhalitsa, ndipo pakufunika wina wokaimira pa mlandu. Mfundo yanga ndi iyi: pa zitsulo, mawaya ndi malabala onse amene amapanga galimoto, kachikopa aka ndiko kokoma mtima kuposa zonse, chifukwa ndi kokhako kamene kamalola munthu wamba, woti sanagwirepo sipanala chibadwire, kulimbana nako Loweruka lathunthu n'kutuluka m'galimoto akudzitcha makaniko. Injini ilibe chifundo chotere. Mukaigwira molakwika imakulangani ndi ngongole. Kachikopa kamalanga ndi manyazi okha, ndipo manyazi sanakwere mtengo ngakhale pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Tiyambe ndi ntchito yake, poti ulemu wopanda ntchito tinausiyira andale. Pakati pa mipando iwiri ya kutsogolo pali bowo, ndipo bowolo silikongola. Pa galimoto zokankha ndi matayala a kumbuyo, monga Toyota Hilux ndi Land Cruiser za giya ya manja, ndodo ija imaboola pansi penipeni n'kukalowa pamwamba pa giyabokisi. Kunsi kwake kuli msewu, fumbi, madzi a mvula, kutentha kwa giyabokisi ndi payipi ya ekizozi yodutsa chapafupi. N'chifukwa chake opanga anaikapo zotchinga ziwiri: labala wochindikala mkati, womangidwa ndi timabawuti ku chitsulo cha pansi, ndiyeno kachikopa kathu pamwamba pake. Labala ndiye amatsekereza phokoso, fumbi ndi utsi. Kachikopa kamaphimba labalayo kuti asapse ndi dzuwa, ndiponso kuti alendo asamuone. Pa galimoto zing'onozing'ono zokoka ndi matayala a kutsogolo, za mtundu wa Corolla ndi Vitz, giyabokisi ili kutsogolo pambali pa injini, ndipo ndodo imailamula kudzera m'makebulo. Kumeneko kachikopa kamalondera timfundo topakidwa girizi, pakuti mchenga ukasakanikirana ndi girizi umayamba kupala timfundoto pang'onopang'ono mpaka ndodo iyambe kugwedera.

Taonani zimene kamalandira m'malo mwa timfundo timeneto: nyenyeswa za mandasi, makoko a mtedza, njere za chimanga chootcha chogulira pa windo, zotokosera m'mano, mapini a m'tsitsi, madontho a Sobo, ndi makobidi a K5 ndi K10 amene ngakhale mwana sawerama kuti awatole. Zonsezi kamazisunga m'makwinya ake osadandaula. Kusintha giya kulikonse ndi kupindika kumodzi, ndipo woyenda pa Chipembere Highway nthawi yoweruka amakapinda kosawerengeka, wani, thu, wani, thu, kuchokera ku Ginnery Corner mpaka ku Limbe. Tinenenso chilungamo, nthawi zambiri si chikopa n'komwe. Ndi nsalu yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo mankhwala amene amafewetsa pulasitikiyo amauluka pang'onopang'ono galimoto ikamakhala padzuwa. M'galimoto yotseka mawindo masana a mu Okutobala ku Nchalo kapena ku Nsanje, kutentha kumatha kupitirira madigiri 60. Ndiye kamauma, kamachita timing'alu, kamasupuka, kenako kamang'ambika motsata msoko. Koma onani ulemu wake pakufa. Batire likafa limakuchititsani manyazi pa msika, anyamata akukukankhani. Tayala likaphulika limakugonekani m'thengo. Oyilo akachepa, nyali yofiira imakalipa pa dashibodi. Kachikopa kalibe nyali. Kamamwalira mwakachetechete osaitanira aliyense ku maliro ake, ndipo apolisi a pa lodibuloko, amene amafunsa laisensi, inshulansi ndi COF n'kuzungulira kuona matayala, sakafunsa n'komwe.

Wina anena kuti umenewu ndiwo umboni woti n'kopanda pake, poti galimoto imayenda bwinobwino popanda iko. Sindikana. Hilux yopanda kachikopa idzafikabe ku Chitipa. Koma wonenayo ayendepo kaye pa msewu wafumbi m'chilimwe labala wa mkati uja atang'ambikanso, aone mmene fumbi lofiira limakwerera pa bowo n'kudzaza m'mphuno, amvenso mmene ntchafu ya kumanzere imawaukira ndi mpweya wotentha. Ndipo pali chinthu chimodzi chosafuna nthabwala. Ekizozi ikabooka chapansi pa mipando, utsi wake umapeza njira pa bowo lomwelo, ndipo mu utsimo muli carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, umene umayamba ndi kupweteketsa mutu ndi kuodzeretsa, ukachuluka n'kupha. Kachikopa ka pamwamba pakokha sikangautsekereze. Imeneyo ndi ntchito ya labala. Koma eni galimoto ambiri sadziwa kuti labalayo aliko kufikira tsiku limene avula kachikopa. Choncho ngakhale kung'ambika kwake ndi utumiki, chifukwa kamakokera maso a mwini wake kumene sakanasuzumira.

Apa ndiye tafika pa mphatso yake yaikulu, ntchito yokasintha. Poiyang'ana ndi ya mphindi 15, ndipo chinyengo chokoma chimenechi ndicho chimakopa munthu kuti ayambe. Choyamba n'kuchotsa kamutu ka ndodo. Pa galimoto zambiri za ku Japan za giya ya manja kamutuka kali ndi mazinga, mumangopotokola chakumanzere, ndipo munthu amayamba kudzimva kuti luso anabadwa nalo. Asafulumire. Mazinga a Toyota kawirikawiri ndi a mamilimita 12, pamene a Nissan, Mazda ndi Honda ndi a mamilimita 10, kotero kamutu konyezimira kamene wakopeka nako pa msika kakhoza kukana kulowa, ndipo akakakamiza amapha mazinga. Pa Volkswagen zambiri, monga Polo ndi Golf, kamutu ndi kachikopa n'zolumikizana, ndipo zinamangidwa ku ndodo ndi kalamba kachitsulo kofinya kamene sikamasulidwa koma kudulidwa, moti wodula asanapeze kena amayenda sabata yonse akugwira chitsulo chopanda chovala. A BMW ndiye anaposa onse. Kamutu kawo kalibe mazinga, mumangokoka cham'mwamba ndi mphamvu zanu zonse. Kamakana, kamakananso, kenako kamalola mwadzidzidzi, chibakera chanu chomwe n'kukathera pa galasi loonera kumbuyo kapena pamphuno panu. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sanatichenjeze kuti nkhonyayo ikhoza kukhala ya mwini mutu.

Kamutu kakachoka pamatsala chimango cha pulasitiki chozungulira ndodo, ndipo kalasi yeniyeni imayambira apa. Chimangocho chimagwiridwa ndi timano tobisika, mwinanso ndi timasikuluwu tobisala pansi pa poika makapu kapena pa kambale ka phulusa la fodya. Galimoto zathu zambiri zinafika kuno zitatumikira kale zaka ku Japan, n'kuwoloka nyanja, kutsikira pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, kenako n'kuyamba kuwambidwa ndi dzuwa lathu. Pulasitiki wotere anaiwala kupindika. Munthu amalowetsa sikuludilaiva m'mphepete, amakanula pang'ono, ndiye kungomva kuti thyo! Palibe mphunzitsi amene anaphunzitsapo msanga chotere. Kuyambira pamenepo amadziwa yekha, popanda womuuza, kuti nsonga ya sikuludilaiva imakulungidwa kansalu, kuti umayambira pa ngodya n'kumatsata dzino limodzilimodzi, kuti chinthu chikakana umafufuza pamene chagwira m'malo mochikakamiza, ndiponso kuti mawaya a soketi yotchajira foni umayamba wawazula usanakweze chimango. Wa galimoto ya otomatiki ali ndi phunziro lake lapadera. Nthawi zambiri chimango sichituluka ndodo ili pa P, ndiye amayenera kuikokera ku N, ndipo akaiwala kukoka handibuleki ndi kuika mwala ku tayala, galimoto imauyamba ulendo wa ku mpanda wa aneba iye ali chogwada pa mpando.

Kuvalika katsopano kulinso ndi miyambo yake. Kakale kamakhala komatidwa ndi guluu, kokhomedwa ndi timawaya, kapena kokoledwa pa kachimango kena kamkati. Kachimango kameneko sikatayidwa, ndipo ambiri amazindikira zimenezi atakataya kale. Khosi la kachikopa limamangidwa kali kotembenuza: mumakalowetsa pa ndodo chozondoka, kunja kuli mkati, mumamanga pakhosi ndi kachingwe ka pulasitiki komangira mawaya kapena ndi mphira wa chubu cha njinga ngati ndi umene ulipo, kenako n'kukagwetsera pansi kuti mfundo ibisike. Musanatseke chimango, lowetsani magiya onse, ndi rivesi yomwe. Kachikopa kothina kamakoka ndodo n'kuitulutsa m'giya galimoto ikuyenda, ndipo munthu akhoza kutsitsitsa giyabokisi yabwinobwino pa mlandu wa nsalu yoperewera masentimita awiri.

Munthu wotanganidwa afunsa kuti, bwanji osangopereka kwa amakaniko? Funso labwino, koma wofunsayo sanaganizire ulemu wa amakaniko. Bambo amene azunguliridwa ndi mainjini otsitsa ndi maminibasi odikira kilatchi simungawabweretsere kansanza n'kuyembekeza kuti asiya zonse. Adzakuuzani mwaulemu kuti bwana mubwere mawa, apo ayi adzapatsa kamnyamata kophunzira ntchito, kamene kadzathyola timano tomwe tija mukanathyola nokha kwaulere. Komanso katswiri weniweni wa ntchito imeneyi sakhala ku galaja. Ali pakhonde la sitolo, kuseri kwa makina a Singer opalasa ndi mapazi. Kachikopa kakale mukakamasula ulusi wa m'misoko kamagawika tizidutswa tingapo, ndipo tizidutswato ndiye muyezo. Atelala kapena osoka mipando amangotiyala pa chikopa cha jekete kapena chikwama cha pa kaunjika, kujambula, kusiya malo a msoko, n'kusoka. Tchulani chipangizo china cha galimoto chimene chingabadwe ku jekete la pa kaunjika popanda wina kukapempha madola ku banki. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016 kuti tizikonda zopangidwa konkuno. Mapisitoni sanamvere, mashoko sanamvere, mapulagi sanamvere. Kamvera ndi kachikopa.

Wotsutsa woopsa ndi amene amabwera ndi masamu. Iye akuti wosintha yekha amawononga zambiri kuposa zimene wakonza: timano tothyoka, chimango chokalika, ndi kasikuluwu kamene kagwera m'bowo ndipo kazingolira pansi pa kapeti mpaka galimoto idzagulitsidwe. Zonsezi n'zoona, ndipo ndi zomwezo zimene ndikutamanda. Walira mvula walira matope. Sukulu iliyonse ili ndi fizi, ndipo chofunika n'kusankha kalasi imene munthu angalakwitsemo popanda kuika moyo wa wina pachiswe. Wophunzirira pa mabuleki akalakwitsa, nkhani yake timaimva pa wailesi. Wophunzirira pa lamba wa taimingi akaphonya, mavavu akhoza kukumana ndi mapisitoni, injini n'kuthera pomwepo. Wophunzirira pa kachikopa akalakwitsa kotheratu, chimango chimangokhala chopendekeka pang'ono, ndipo amene angaone ndi alamu okha, amene akanapezabe chonena ngakhale zonse zikanakhala bwino.

Atsala ndi okonda mbiri, amene amati galimoto zotchuka sizinakafune kachikopaka. Ferrari inadziwika ndi ndodo yoyenda m'mipata ya chitsulo chonyezimira chopanda chophimba. Peugeot 404, imene inayamba kupangidwa mu 1960 n'kudzaza misewu ya mu Africa, inali ndi giya pa chiwongolero. Jaguar XF ya 2008 inabwera ndi kachitsulo kozungulitsa ndi zala m'malo mwa ndodo, ndipo galimoto zambiri zamagetsi zili ndi giya imodzi yokha. Za Ferrari tisatayepo nthawi. Ipite kaye ku Nyika kudzera ku Rumphi mu Okutobala, ikabwerako idzatiuze ngati mipata yake ikadali kunyezimira. Zinazo ndikuvomera, masiku a kachikopa ndi owerengeka. Koma chimene chikulowa m'malo mwake sichidziwa munthu wamba. Kabatani kakafa mwini galimoto alibe pogwira; amaitana wa kompyuta, amene amalumikiza chingwe, kuwerenga nambala, n'kutchula mtengo, ndipo mwini wakeyo amabwerera kunyumba wosadziwa kanthu monga anapitira.

Tsono inu amene galimoto yanu ikadali ndi ndodo, ndipo ndodoyo yavala nsanza, musadikire kuti mwayi umenewu uthe. Sankhani Loweruka lopanda ukwati, imikani pamthunzi pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, timasikuluwu muziika m'kapu. Mukavula kachikopa musathamangire kwa atelala musanayang'ane labala wa pansi pake. Ngati wang'ambika, yambani mwagula ameneyo.