Maso a Nkhono ndi Nkhope ya Dzuwa

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sanatiuze kuti munthu ukawaona masowo upindulanji, koma mwambiwo sunatope kugwira ntchito. Amauzidwa mwana wolirira nsima madzi asanawire, amauzidwa mnyamata amene chibwenzi chikumuyankha kuti "ndiganize kaye". Lero tiuyese pa nkhani imene agogo aja sanailotepo: kusankha telesikopu yojambulira dzuwa, munthu uli ku Dzaleka.

Musaseke msanga. Ku Dzaleka dzuwa ndi wantchito wosalandira malipiro. Limatchaja mafoni kudzera m'masola a pamadenga, limaumitsa zidina ndi zovala, koma palibe amene analiona nkhope bwinobwino. Kudekha nakonso ndiye kwawo. Msasa wa anthu othawa kwawowu, umene uli kwa Dowa, unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene panali ndende ya akaidi andale m'nthawi ya Kamuzu. Anaukonzera anthu ngati 10,000, lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Alipo amene anabadwira momwemo, akwatira momwemo, mapepala akadali m'njira. Anthu otere simungawaphunzitse mwambi wa nkhono. Chimene chikusowa ndi chitsulo chokha.

Dzuwa limajambulidwa pawiri, ndipo ife Amalawi taonapo mitundu yonse iwiri pa mbendera yathu. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linatipatsa dzuwa loyera lathunthu, mu 2012 lofiira lija linabwerera. Loyeralo ndi limene mumaona mukamata sefa yotchipa, monga pepala lonyezimira la Baader, kutsogolo kwa telesikopu wamba: mbale yoyera yokhala ndi timadontho takuda, basi. Lofiiralo ndiye la hydrogen-alpha. Telesikopu yake imakana kuwala konse n'kulola kamzere kamodzi kofiira kochokera ku mpweya wa hydrogen, pa 656.28 nm. Ndi kamzereko mumaona zimene dzuwa limabisa: malawi a moto otumphuka m'mphepete, ena otalika kuposa dziko lathuli kangapo, ndi mikwingwirima yakuda yokwawa pankhope pake.

Mtima wa chipangizochi ndi magalasi awiri oyang'anizana otchedwa etalon. Ntchito yake ndi ya sefa ya ufa, kungoti mabowo ake ndi ochepa mochititsa manyazi: osakwana 1 angstrom, ndipo mu milimita imodzi muli ma angstrom 10 miliyoni. Ya 0.7 imaonetsa bwino malawi a m'mphepete. Mukafuna kuti mikwingwirima ya pankhope ituluke, mumasanjikiza ma etalon awiri kuti mufike cha pa 0.5. Chithunzi chimada pang'ono, thumba limapepuka kwambiri.

Apa ndi pamene wosadekha amagwa. Pa intaneti pali tisefa tina tolembedwa "H-alpha" totsika mtengo mosangalatsa. Timeneto ndi tojambulira mitambo ya nyenyezi usiku, ndipo mabowo ake ndi aakulu kakhumikakhumi. Wotiloza dzuwa saona lawi ngakhale limodzi, ndipo diso limapsa mosamva kuwawa, chifukwa mkati mwa diso mulibe mitsempha yokuwa. Chimodzimodzi botolo lofukiza utsi, magalasi akuda a pamsika ndi filimu ya X-ray, zida zimene zimatulukira nthawi ya kadamsana, monga uja wa pa 21 June 2001 amene anadetsa Lusaka masana ambiri a ife n'kutigawira mbali chabe. Telesikopu yeniyeni ya dzuwa imakhala ndi sefa yachiwiri kumbuyo, yotchinga zotsala zonse, ndipo siigwiritsidwa ntchito popanda imeneyo. Wogulitsa akati "iyoyo mudzagula pambuyo", dziwani kuti akukugulitsani ndodo yoyera.

Nanga mugule iti? Yodziwika kwa oyamba kumene ndi Coronado PST ya 40 mm. Kampani ya Meade, imene inkaipanga, inatseka mu 2024, choncho zambiri mudzazipeza pa kaunjika wa kunja, ndipo zakale zina zimachita ngati dzimbiri pa galasi. Funsani chithunzi cha galasilo musanatumize kalikonse. A Lunt a ku Tucson ali ndi za 50 mm ndi 60 mm zimene mumazitchuna popotokola kachitsulo kosintha mphamvu ya mpweya mkati, chinthu chothandiza kumtunda ngati kwa Dowa kumene mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi kunyanja. Palinso Quark ya DayStar, yolowetsa kumbuyo kwa telesikopu imene muli nayo kale, koma imafuna magetsi ndi mphindi zingapo kuti itenthe. Ine ndinganene kuti tengani yaing'ono. Yaikulu imakulitsa dzuwa, imakulitsanso kunjenjemera kwa mpweya.

Mpweyawo ndiye nkhono yeniyeni. Dowa ndi kwa mphepo. Mu June ndi July chiperoni chimakhalitsa ngati mlendo wopanda thiransipoti. Kuyambira August ana osaka mbewa amayatsa tchire, thambo lonse utsi. October ndi fumbi. Masana malata a mumsasa amatentha n'kumavinitsa chithunzi. Nthawi yabwino ndi m'mawa, nthaka isanafunde, mutakwera kuphiri kutali ndi madenga, makamaka mu May mvula itangotsuka kumwamba.

Kujambula kwake sikuli kwa "tayang'anani kuno, mwetulirani". Kamera yabwino ndi yosaona mitundu, chifukwa pa kamera ya mitundu kadontho kamodzi kokha mwa tinayi ndi kamene kamamva kufiira, titatu tinato timangodya nawo. Mumajambula kanema wa zithunzi mazanamazana, kompyuta n'kusankha zochepa zimene mpweya unaima chilili, n'kuziphatikiza. Kufiira kumene mudzadzitame nako pa Facebook mumachita kupaka nokha pomaliza. Kumbuyo kwanu kudzakhala mzere wa ana ofuna kusuzumira, ndi bambo mmodzi wofunsa ngati chimenechi chikhoza kutchaja foni.

Pali malo amodzi pamene mwambiwu umatigwiritsa fuwa la moto. Dzuwa limakangalika n'kuzizira pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, ndipo pachimake pa ulendo uno panali cha mu 2024. Wodekha kwambiri adzapeza nkhope yosalala yopanda nkhani. Choipa koposa, telesikopu zimenezi zimagulidwa ndi madola, yaing'ono mazana angapo, yabwinoko kupitirira 1,000, musanawerenge zotumizira ndi msonkho. Amene ankasunga makwacha ake modekha m'kachitini anagona usiku wina mu November 2023 ali ndi ndalama za telesikopu, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo kutacha anayamba kufunsa mtengo wa miyendo yake yokha.