Mphuno Yanga Yapeza Ganyu

Pa katundu yense amene ndili naye, mphuno yokha ndi imene sinagwe mtengo pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malipiro anafota, nyama inayamba kubwera pa Khirisimasi pokha, koma mphuno ili chiimire. Ndi mphuno yophunzira. Imadziwa nyumba imene akukazinga nkhuku ngakhale atatseka mawindo onse, ndipo imandiuza nthawi yabwino yopita kukawalonjera.

Alamu anga atatopa ndi kugona pamzere wa petulo, mtengo wake ukukweranso iwo ali pamzere pomwepo, anaitanitsa Nissan Leaf yakale kuchokera ku Japan. Inatsikira ku Dar es Salaam, nkulowa pa Songwe itaberekedwa pathiraki. Kuyambira pamenepo ankadutsa dala pamalo omwetsera mafuta, pang'onopang'ono, akupereka moni kwa anzawo a zigubu. Ine wa kabaza ndinkangomeza malovu.

Kenako galimoto ija inayamba kununkha chinthu chopserera.

Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango anatsegula boneti, anafunafuna mapulagi, osawapeza. Anagona pansi, anadzuka nkhope ili yachisoni. "Bwana, pepani kwambiri. Akuberani ekisozi padoko." Ananenanso kuti mwina oyilo wa injini watha, ndipo analipiritsa ya kuona. Apa mpamene mlongo wanga anakumbukira kuti m'banja muno muli munthu amene ananunkhiza nyemba zikupserera ali kutchalitchi.

Ndinafika ngati dokotala wamkulu, manja kumbuyo, mphuno patsogolo. Malipiro tinagwirizana: nsima ya chambo, mutu ukhale wanga.

Tinayambira kumateyala, ine chogwada, ana a m'dera akuombera m'manja. Galimoto zimenezi zimachepetsa liwiro ndi mota yomweyo imene imaziyendetsa, nkumabwezera magetsi mubatire, motero mabuleki amakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kwenikweni. Dzimbiri ndi fumbi zikalowa, buleki imatha kukanirira, wilo limodzi nkumatentha kuposa anzake. Mphuno inayendera mawilo onse anayi. Inapeza umboni wokwanira woti galu wa aneba amadutsa pamenepo m'mawa uliwonse, koma mabuleki inawapeza osalakwa.

Kuboneti kuli kabatire kakang'ono ka mavolti 12, kofanana ndi ka minibasi. Kakavuta kamanunkha mazira owola. Makoswe nawonso amakonda kumanga banja mmenemo nkumatafuna nthambo. Mphuno inati ayi, muno muli fumbi basi.

Batire lalikulu lili pansi pa mipando, la mavolti pafupifupi 360, ndipo nthambo zake anazipaka mtundu wa lalanje kuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga amve kuti asakhudze. Likayamba kutulutsa fungo lotsekemera lamankhwala, kapena utsi, kapena kulira kuti tswii, palibenso zonunkhiza. Tulukani, talikirani, itanani ozimitsa moto, chifukwa moto wa lithium umafuna madzi ochuluka zedi ndipo umatha kuyakanso anthu ataomba kale m'manja. Apa mphuno inandiuza kuti pamgwirizano wathu panalibe zofera chambo. Inanunkhiza ili patali, mwaulemu.

"Alamu, galimotoyi ilibe mlandu. Kodi mumaidyetsera kuti?"

Tinatsata nthambo yotchajira. Inalowa pawindo, inadutsa pansi pa kapeti, inakathera kuseri kwa firiji. Kumeneko tinapeza ekisitenshoni ya pamsika, yolumikiza ndi jumbo, itanyamula firiji, wailesi yakanema, ayironi ndi galimoto yathunthu. Pulagi inali itada, pulasitiki yake itafewa. Chotchajiracho anachipangira nyumba za ku Japan, chimakoka ma amp 15, pomwe pulagi yathu ya mano atatu malire ake ndi 13. Alamu anadula pulagi ya ku Japan nkuikapo yathu, ndipo fyuzi itapsa anakulungapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Ketulo imakoka magetsi ambiri kwa mphindi zochepa nkupuma. Galimoto imakoka usiku wonse, ana ali mtulo chipinda choyandikana.

Pamenepo nthabwala zinandithera. Timauzidwa m'misonkhano ya m'mahotela kuti tsogolo ndi galimoto zamagetsi, ndipo mwina ndi zoona, poti madzi a Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira safuna madola ngati petulo. Koma tsogololo likulowa m'nyumba zimene nthambo zake anaika mwana wa aneba pamtengo wa botolo limodzi, ndipo likawonongeka likukafikira kwa makaniko amene palibe anamuphunzitsa tanthauzo la nthambo ya lalanje. Makaniko ameneyo adzaigwira ndi sipanala tsiku lina. Amene amalankhula za tsogolo aja adzatumiza nkhata yamaluwa.

Alamu anaitana wamagetsi wa mapepala ake, anakoka nthambo yakeyake kuchokera pabokosi la magetsi, yokhala ndi chozimitsira chake, ndipo anagula chotchajira choyenera magetsi athu a mavolti 230. Chambo ndinadya, ngakhale mutu unapita kwa wamagetsiyo, mphuno ikuona.

Inu amene muli nayo galimoto yotereyi, ikatchaja kwa theka la ola gwirani pulagi. Ikakhala yotentha, zimitsani pakhoma, muitane wamagetsi musanagone.