Mawaya Anayi, Makutu Awiri

Kuno ku Chama ulemu wa munthu amauwerenga ndi matumba a mpunga amene wakolola m'chigwa cha Luangwa. Ine ndinafuna ulemu wamtundu wina, woti ndikayatsa nyimbo, anthu a kwa Kambombo adziwe kuti ndadzuka. Mpunga utagulidwa ndinakwera basi mpaka ku Kamwala, ku Lusaka, n'kubwerako ndi resiva ya home theater ndi masipika awiri ofika m'chiuno.

Kumbuyo kwa sipika iliyonse kuli timitu tinayi tomangirapo waya. Wogulitsa, atasuzumira kaye m'thumba langa la malaya, anati akatswiri amachita bi-wiring. M'kati mwa sipika muli kachipangizo kotchedwa crossover, kamene kamagawa mawu: opyapyala apite ku tweeter, ogunda pamtima apite ku woofer. Timitu tiwiri tapamwamba ndi ta tweeter, tapansi ta woofer, ndipo ku fakitale amatilumikiza ndi tizitsulo. Katswiri amachotsa tizitsuloto, n'kukoka mawaya awiri kuchokera pamalo amodzi omwewo a resiva, gawo lililonse waya wake. Ndinalipira waya wachiwiriyo mokondwa, poti kwa nthawi yoyamba munthu wa ku Lusaka anali atanditcha katswiri.

Nditamanga, ndinamva zodabwitsa. Gitala ya Paul Ngozi inatuluka yosamba, yodzola mafuta. Ndinaitana aneba, ndinawakhazika pamphasa, n'kuwaletsa kutsokomola. Onse anavomera kuti kusiyana kulipo, makamaka amake mwana atabweretsa nsima ndi nkhuku. Mkulu wina anapitiriza kuyamikira ngakhale magetsi atazima.

Wosokoneza anali mphwanga, amene anaphunzira zamagetsi ku Chipata. "Amalume," anatero, "mawaya onse awiriwa akuyamwa kwa amplifaya imodzi, ndiye mphamvu sinawonjezeke. Kusiyana kwake, ngati kulipo, n'kochepa kwambiri, khutu silingakugwire. Musunthe masipikawa achoke pakona, ndiponso muchotse dengu lili patsogolo pa woofer, mumva kusintha kwenikweni osalipira ngwee." Kenaka anagwada kumbuyo kwa sipika. "Nanga tizitsulotu simunachotse?"

Ndinamuuza kuti khutu lophunzira limamva zimene sizinachitike n'komwe, ndipo mphatso yotere sukulu siphunzitsa. Amake mwana anayankhira kukhitchini. "Musiyeni bambo ake. Mu 2011 anatiuza kuti boma la Chama lapita ku Muchinga, mu 2021 anati tabwerera ku Eastern. Nyumba yathu sinasunthe ngakhale phazi limodzi, koma malume anuwa maulendo onse awiri ankati mphepo yasintha."

Mphwanga, pofuna kundipepesa, anatchula za bi-amping. Maresiva ambiri a machanelo 7 amalola kutenga machanelo awiri a masipika akumbuyo n'kuwapatsa akutsogolo, kuti tweeter ikhale ndi amplifaya yakeyake, woofer nayo yake. Apo ndiye tizitsulo tichoke ndithu, chifukwa ukatisiya umalumikiza maamplifaya awiri pamodzi, resiva n'kupsa.

Mawu amenewo anandikomera, koma resiva yanga ili ndi machanelo 5 okha. Ndinafunsa mwaulemu kuti mpunga wa mbewu watsala matumba angati. Kuyambira tsiku limenelo kiyi wa chipinda chosungira mpunga amagona m'chitenje cha amake mwana, ndipo waya wanga wa akatswiri akuyanikapo matewera.